Mbiri ya Malonda a Fodya m'Chidikha cha Kasungu

Munthu amene ayenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka kumpoto, akangooloka mtsinje wa Bua, walowa m'chidikha cha Kasungu. Akadzera kumeneko m'mwezi wa Januwale aona minda ya fodya yobiriwira mbali zonse ziwiri za msewu, kufikira patsinde pa phiri la Kasungu. Akabweranso m'mwezi wa Epulo apeza zigafa zitadzaza, amuna ndi akazi ali khale pansi kusankha masamba ndi kumanga mindindi, ndipo malole atandanda kudikira mabelo.

Ntchito ya fodya njowawa. Imayamba ndi nazale m'nyengo ya dzuwa, pamene madzi a m'madambo ali pafupi kuphwa. Kenaka kuokera, kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha ndi kudinda. Chaka chimatsala pang'ono kutha munthu ali pa ntchito imodzi yomweyo. Koma chodabwitsa nchakuti pa tsiku la malonda mwini thukuta sindiye atchula mtengo. Mwini mbuzi amatchula yekha mtengo wa mbuzi yake, ndipo wogula akanyozera, iye amayembekeza wina. Mwini fodya amaima pambali, ena nalemba mtengo pa belo lake. Wofuna kudziwa chiyambi cha zimenezi ayenera kutsata mbiri, ndipo mbiriyo imfikitsa kutali, ku America, ku London ndi ku Salisbury.

Malonda a Makolo

Fodya kwawo ndi ku America, koma anafika m'dziko muno kalekale, Azungu asanabwere kudzakhala, kudzera mwa amalonda a ku nyanja ya mchere. Makolo a Achewa ankalima fodya wa labu pa chulu kapena pa bwinja, namasinthanitsa ndi mchere, makasu kapena nkhuku. Ogula anali ambiri monga momwe analili ogulitsa, motero panalibe munthu mmodzi wolamula mtengo.

Malonda a kutali anali ena. Minyanga ya njovu, nsalu, mfuti ndi akapolo zinkayenda pa njira yochokera ku chigwa cha Luangwa, kudzera ku Kasungu, kukafika kwa Jumbe ku Nkhotakota. Mwase Kasungu analemera nakula mphamvu chifukwa ndiye anagwira njirayo. Mphamvu imeneyo inatha mu Disembala 1895 pamene asilikali a Boma la Angerezi anagonjetsa mudzi wake. Kuyambira pamenepo njira ya malonda inatembenukira kumwera, ndipo oigwira anali ena. Koma chinthu chimodzi sichinasinthe: wogwira njira yopita ku msika ndiye adya zonona.

Nkhondo ya Makampani ndi Pangano Lawo

Fodya woyamba wa ku Nyasaland anatumizidwa kunja m'chaka cha 1893, wolimidwa ndi Azungu a ku mapiri a Shire. Koma amene adzamgule anali kukonzedwa ndi nkhondo ina ya kutali. Ku America kunali munthu dzina lake James Duke, amene m'chaka cha 1890 anaphatikiza makampani opanga ndudu kukhala kampani imodzi, American Tobacco Company. Iye ankatsitsa mitengo ya katundu wake mpaka opikisana naye atagwa, kenaka nkuwagula. Ogula masamba atatsala ochepa, alimi a ku Kentucky ndi ku Tennessee anaona mtengo wa fodya wawo ukutsika kufikira pakuti sunabweze ndi zolowa zomwe.

M'chaka cha 1901 Duke anaoloka nyanja nagula kampani ya Ogden's ku Liverpool. Makampani 13 a ku Britain, poopa kumezedwa imodziimodzi, anagwirizana napanga Imperial Tobacco Company. Nkhondo ya mitengo inakula, mbali zonse ziwiri zinataya ndalama zambiri, ndipo m'chaka cha 1902 anakhala pansi nagawana dziko lapansi ngati nyama ya pa uzimba. Duke anasunga msika wa America, Imperial inasunga wa Britain, ndipo m'maiko ena onse anapangana kugulitsira pamodzi kudzera m'kampani yatsopano, British American Tobacco.

Akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Pa msika si tero ayi. Ogula akamalimbirana katundu, mlimi ndiye amapindula, chifukwa aliyense amaonjeza mtengo kuti katunduyo asapite kwa mnzake. Udzu umavutika pamene njovu zapangana. Kulimbirana kotereku ndiko kumatchedwa mpikisano pa malonda, ndipo maiko ena anaona msanga kuti nkofunika kuutchinjiriza ndi lamulo. America inali ndi lamulo lotere kuyambira 1890, lotchedwa Sherman Act, ndipo m'chaka cha 1911 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linalamula kuti kampani ya Duke igawidwe zigawo. Ku Nyasaland kunalibe lamulo lotere. Imperial Tobacco Company, posafuna kudalira masamba a ku America okha, inamanga fakitale yake ku Limbe m'chaka cha 1908, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali wogula woposa onse.

Msonkho wa ku London ndi Bungwe la Fodya

Fodya wolowa m'dziko la Britain ankalipira msonkho waukulu pa doko. M'chaka cha 1919 Boma la Britain linachotsa gawo limodzi mwa magawo 6 a msonkhowo pa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake, ndipo mu 1925 linachotsa gawo limodzi mwa magawo 4. Pamenepo fodya wa ku Nyasaland anayamba kutchipa ku London pomuyerekeza ndi wa ku America, nafunidwa kwambiri. Motero lamulo lolembedwa ku London linadzala fodya m'Chigawo cha Pakati.

Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula munda pa Mbabzi m'boma la Lilongwe mu 1920, nayamba kugawira anthu a m'midzi mbande ndi kuwaphunzitsa kufukiza fodya wa chikopa ndi utsi, kuti iwo azidzagula. Pofika 1926 alimi a fodya anali oposa 30,000. Ogula ena atamva anathamangira komweko, ndipo kwa kanthawi mlimi ankasankha yekha womgulitsa.

Izi sizinakondweretse onse. Azungu eni minda anaopa kuti antchito awathawa kukalima fodya wawowawo, ndipo amene anagawa mbande sanafune kuti ena akolole pamene sanafese. Boma nalonso linati fodya woipa adzaononga mbiri ya dziko ku msika. Chifukwa chake mu 1926 linakhazikitsa bungwe lotchedwa Native Tobacco Board, m'mene poyamba munakhala akuluakulu a Boma ndi eni minda okhaokha. Bungwelo linkalembera alimi, kuchepetsa kukula kwa minda, kutseka misika ina ndi kudula msonkho pa fodya yense wogulitsidwa. Mitengo inayamba kugwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, nigwabe m'zaka zotsatira, mpaka mu 1937 alimi anakwiya, ndipo munabuka chipwirikiti m'misika ya ku Lilongwe.

M'chaka cha 1938 okushoni inatsegulidwa ku Limbe, ndipo Tobacco Control Commission inakhazikitsidwa kuyang'anira malondawo. Koma mlimi wa m'mudzi sanaloledwe kuponda pa okushoni. Iye ankagulitsa kwa bungwe pa mtengo wonena bungwelo, bungwe nkukagulitsa ku Limbe pa mtengo wokwera, nkusunga zotsalazo. Bungwelo linasintha dzina kanayi: African Tobacco Board mu 1952, Agricultural Production and Marketing Board mu 1956, Farmers Marketing Board mu 1962, ndi ADMARC mu 1971. Maina anasintha, koma khomo lotulukira fodya wa mlimi wamng'ono linali limodzi lomwelo.

Kasungu Asanduka Dziko la Maesiteti

M'masiku a Native Tobacco Board fodya wambiri anali ku Lilongwe ndi ku Dowa. Ku Kasungu kunali kutali ndi njanji, ndipo amuna ambiri ankatsata ndalama ku minda ya ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena nasanduka machona. Koma dziko la Kasungu linali ndi zinthu zitatu zimene fodya wa kampopi amafuna: dothi la mchenga, malo aakulu opanda midzi yambiri, ndi nkhalango za mombo zopatsa nkhuni zootchera. Poona izi, bungwe la Boma la Britain lotchedwa Colonial Development Corporation linayesa ulimi wa fodya ameneyu ku Kasungu m'zaka za m'ma 1950.

Chimene chinasintha zinthu kotheratu chinachitikanso kunja. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ku Salisbury kuti Rhodesia yayamba kudzilamulira popanda chilolezo cha Britain. Britain, ndipo pambuyo pake United Nations, analetsa kugula fodya wa ku Rhodesia, amene anali wochuluka ndi wotchuka. Ogula anayang'ana kwina, ndipo dziko la Malawi, limene linali litangolandira ufulu mu 1964, linali pafupi. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linakhazikitsidwa kuphunzitsa Amalawi kulima kampopi, ndipo maesiteti anamera ngati bowa kwa Santhe, kwa Wimbe, kwa Chulu ndi m'madera ena.

Koma mwayi umenewu sunagawidwe mofanana. Boma la Dr. H. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, linagwiritsa ntchito lamulo la Special Crops Act, makamaka kuyambira 1972, kuti fodya wa bale ndi wa kampopi, amene anali ndi ndalama zambiri, azilimidwa ndi okhawo okhala ndi chiphaso. Ndipo ziphaso zinkapita kwa eni maesiteti. Maesiteti aakulu koposa anali a Press Farming ndi General Farming, makampani a gulu la Press limene linali m'manja mwa Dr. Banda, ena anali a nduna, aphungu ndi akuluakulu a Boma. Mwini esiteti ankapita ndi mabelo ake ku okushoni, ku Limbe kapena ku Kanengo kumene msika wina unatsegulidwa mu 1979, nalandira mtengo wathunthu. Mlimi wa m'mudzi ankaloledwa chikopa ndi mitundu ina yotsika mtengo, nagulitsa ku ADMARC kokha, kumene kawirikawiri ankalandira ndalama zosafika theka la mtengo wa ku okushoni. Gawo lalikulu la phindu la ADMARC linkabwerekedwa kwa eni maesiteti omwewo. Motero khasu la wosauka linamanga esiteti ya wolemera.

Malo ambiri amene anali m'manja mwa mafumu analembedwa kukhala a maesiteti. Mabanja osowa minda ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mangochi ndi ku maboma ena anabwera kudzakhala matenanti. Tenanti ankalandira munda, mbewu, feteleza ndi chimanga cha phoso pa ngongole, nalima bale, namgulitsa kwa mwini esiteti yekha. Pa tsiku lowerengera, ngongole ikachotsedwa, ambiri ankabwerera kwawo chimanjamanja. Nayenso tenanti anali ndi wogula mmodzi.

Alimi Achuluka, Ogula Achepa

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chuma cha dziko chinali pa mavuto, ndipo othandiza ndi ndalama, World Bank ndi Boma la America, anaumirira kuti lamulo lija lifewe. Mu 1990 alimi ang'onoang'ono oyamba analoledwa kulima bale m'makalabu. Ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994 chiletsocho chinachotsedwa, ndipo mu 1997 makalabu ambiri analumikizana napanga bungwe la NASFAM. Anthu a ku Kasungu, amene ambiri a iwo anaphunzira kale ntchitoyi pa maesiteti, anayamba kulima bale kuseri kwa nyumba zawo. M'midzi munaoneka malata, njinga, ngolo ndi mawailesi. Dziko la Malawi linakhala limodzi mwa maiko otumiza kunja bale wambiri, ndipo fodya ankabweretsa ndalama zakunja zoposa theka la zonse zimene dziko linkapeza pa malonda.

Koma khomo linatseguka mbali imodzi yokha. Pamene ogulitsa anachuluka kufika zikwizikwi, ogula ankachepa. Mu 2005 makampani awiri a ku America, Dimon ya ku Virginia ndi Standard Commercial ya ku North Carolina, amene onse ankagula fodya m'Malawi, anaphatikizana kukhala Alliance One. Panganolo linachitikira kutsidya kwa nyanja, koma pa okushoni ya ku Kanengo panachoka wogula mmodzi wamkulu. Pa nthawi imeneyo Alliance One ndi Limbe Leaf, kampani imene gawo lake lalikulu linali la Universal Corporation ya ku Virginia, ankagula pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a fodya yense wa m'dziko. Iwonso ankagulira makampani owerengeka opanga ndudu, monga Philip Morris ndi British American Tobacco.

Okushoni imapindulira wogulitsa pokhapokha ogula ali ambiri. Mabelo amandandalikidwa m'mizere, woitanira mitengo nayenda nawo ogula belo ndi belo, ndipo wotchula mtengo woposa ndiye atenga katundu. Ogula akakhala awiri kapena atatu, yense akudziwa gawo limene afuna, palibe chowakakamiza kukweza. Tsono mlimi sangathe kukana nthawi yaitali. Chimanga chikatsika mtengo, munthu amachibweza m'nkhokwe nadya ndi ana ake, fodya sadyedwa. Belo likabwezedwa, ndalama za lole, za chiguduli ndi zosungira zikukwerabe, ndipo ngongole ya feteleza ikudikira pakhomo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Motero mlimi amalandira chimene wapatsidwa lero.

Lamulo la Mpikisano

Dziko la Malawi linapanga lamulo lake lotchinjiriza mpikisano, Competition and Fair Trading Act, mu 1998, patapita zaka 108 chipangire America lake. Lamulo lotere limaletsa zinthu zitatu zazikulu. Choyamba, amalonda kupangana mtengo kapena kugawana misika mseri. Chachiwiri, kampani yaikulu kupondereza anzake ndi ukulu wakewo. Chachitatu, makampani kuphatikizana popanda chilolezo, ngati kuteroko kupha mpikisano. Bungwe loyang'anira lamuloli, Competition and Fair Trading Commission, linakhazikitsidwa mu 2005, ngakhale kwa zaka zingapo linalibe antchito akeake. Mu 2013 bungwe lina lotere, la maiko a COMESA, linayamba ntchito ku Lilongwe kuweruza nkhani zoolotsa malire, ndipo mu 2024 lamulo latsopano linapatsa bungwe la m'dziko muno mphamvu yolipitsa chindapusa.

Komatu kupangana kwa mseri nkovuta kukugwira, pakuti anthu ochepa odziwana safunika kulemberana kalata kuti ayende mofanana. Alimi ankadandaula chaka ndi chaka kuti ogula apangana. Ogula ankakana, nanena kuti mitengo yatsika chifukwa fodya wachuluka, ndiponso kuti m'mabelo ena munkapezeka zinyalala ndi mapulasitiki. Zoti fodya ankachuluka nzoona. Zoti ogula anali ochepa nzoonanso.

Pulezidenti Bingu wa Mutharika anayesa njira ina. Kuyambira 2006 Boma linkalengeza mitengo yoyambira, ndipo mu Seputembala 2009 linathamangitsa m'dziko akuluakulu anayi a makampani ogula fodya, powanena kuti akunyozera mitengoyo. Komabe mu 2011, fodya atachuluka kwambiri, mitengo inagwa, mabelo ambiri nabwezedwa. Boma lingathe kulamula mtengo, koma silingathe kugwira dzanja la wogula kuti agule. Chimene chinathandizako pang'ono ndi kulowa kwa ogula ena, monga Malawi Leaf, Premium TAMA ndi JTI, ndiponso kutsegulidwa kwa msika wa Chinkhoma m'boma la Kasungu momwemo, kumene kunafupikitsa ulendo wa mabelo.

Mu 2012 Boma linavomereza kuti magawo 8 mwa magawo 10 a fodya azigulitsidwa pa kontirakiti. M'njira imeneyi mlimi amasaina pangano ndi kampani imodzi mvula isanagwe. Kampaniyo imalonjeza kugula, ndipo ena imawapatsa mbewu, feteleza ndi mlangizi pa ngongole. Ubwino wake ngwakuti msika umadziwikiratu, ndipo zipangizo zimapezeka. Kuipa kwake nkwakuti pa tsiku la malonda mlimi ali ndi wogula mmodzi, monga zinalili kwa agogo ake. Mpikisano umene watsala uli pa tsiku losaina. Pamenepo ndi pamene mlimi angathe kufunsa, kuyerekeza ndi kukana.

Zitseko za Maiko Akutali

Monga msonkho wa 1919 ndi chiletso cha 1965 zinatsegulira Malawi msika, malamulo a maiko akutali angathenso kuutseka. Madokotala atatsimikiza kuti kusuta kumadzetsa khansa ndi nthenda za mtima ndi mapapo, maiko a m'bungwe la World Health Organization anachita pangano mu 2003 lochepetsa kusuta, ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 2023. Mu Novembala 2019 America inaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha mbiri ya ana ogwiritsidwa ntchito m'minda ndi ya anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Makampani ena analoledwanso pambuyo pake, atasonyeza kuti akonza zinthu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Matenanti anadandaula zaka makumi ambiri osamveka, koma chitseko cha msika wakunja chitagwedezeka, nkhani inayenda msanga. Poona zonsezi, alimi ambiri a ku Kasungu anayamba kugawa minda yawo, mbali ina fodya, mbali ina soya ndi mtedza.

Zimene Mbiriyi Iphunzitsa

Kuyambira masiku a Mwase ndi Jumbe kufikira a msika wa Chinkhoma, mtengo wa katundu wa ku Kasungu wakhala ukutsata mafunso atatu. Ndani aloledwa kulima? Njira yopita ku msika ili m'manja mwa yani? Ogula alipo angati? Funso loyamba linayankhidwa kwakukulu mu 1994. Awiri enawo akadali pa bwalo, ndipo sakhudza fodya yekha ayi. Soya ndi mtedza nazonso zikakhala ndi ogula ochepa, mwini wake adzaima pambali chimodzimodzi.

Lamulo la mpikisano lili ngati mpanda wa munda, ndipo mpanda sudzilondera wokha. Mlimi mmodzi wa mabelo asanu sangakambe mtengo ndi kampani yogula m'maiko ambiri. Alimi chikwi okhala ndi liu limodzi angakambe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndiponso mlimi amene adziwa kuwerenga ali ndi chida chimene ambiri a makolo ake a mu 1926 analibe. Iye angawerenge sikelo. Angawerenge pangano asanaikepo dzina lake. Angawerenge chikalata cha malonda, naona ndalama zimene zadulidwa ndi chifukwa chake. Akaona chinyengo angalembe kalata ku Competition and Fair Trading Commission, kapena ku Tobacco Commission, ndilo dzina latsopano la bungwe lija la mu 1938. Mtengo wa fodya umayambira kutali, koma umathera pa pepala limene mlimi wagwira m'manja mwake.